Mpingo ndi mitengo kuno kum'mawa: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza tikamayendera mipingo ya m'midzi yozungulira Chipata, Kasenengwa, Chipangali ndi Katete, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, pa nkhani yobzala mitengo. Ena amafunsa alimi, ena akulu ampingo, ena amayi a chigwirizano, ndipo ena amafika pa WhatsApp kuchokera kwa achinyamata. Tayamba ndi ofewa, ovuta ali kumapeto.

Kodi mpingo ukulowereranji pa nkhani ya mitengo? Si ntchito ya a Forestry imeneyi?

Ndi ntchito ya a Forestry Department, inde, komanso ya alangizi a zaulimi. Koma mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri, pamene mpingo umakumana ndi anthu omwewo sabata ndi sabata, uli ndi malo, uli ndi makomiti, ndipo mawu a abusa kapena a bambo mfumu amamveka mpaka kumudzi kumene galimoto ya boma sifika nthawi ya dzinja. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Magwero mu 1899, mipingo ya kuno yakhala ikumanga sukulu ndi zipatala, ndipo palibe amene anati kuphunzitsa ana kapena kuchiza odwala n'kulowerera.

Za m'Malemba sitichulukitsa. Genesis 2:15 akuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Deuteronomo 20:19 amaletsa ngakhale asilikali ozinga mudzi wa adani kugwetsa mitengo ya zipatso. Akatolika ali ndi kalata ya Papa Francis ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si', ndipo mipingo yambiri imakumbukira nyengo ya chilengedwe kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 4 Okutobala. Koma chifukwa chapafupi n'chakuti njala ikalowa m'mudzi, khomo loyamba limene anthu amagogoda ndi la mpingo.

Mitengo yathadi, kapena n'kungotiopseza?

Funsani agogo anu kumene ankatola nkhuni ali atsikana, kenako muone kumene adzukulu awo akukatola lero. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti Zambia imataya mahekitala a nkhalango pakati pa 250,000 ndi 300,000 chaka chilichonse. Kuno kum'mawa chimene chimadya mitengo kwambiri ndi kutsegula minda yatsopano nthaka yakale ikaguga. Pambuyo pake pakubwera makala, nkhuni, uvuni wa njerwa, ndi fodya, amene amafuna milimo ya zigafa ngati ndi wa burley kapena nkhuni zochuluka ngati ndi wowotcha.

Chilala cha 2023/2024 chinaonjezera moto. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, chimanga cha mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitapserera. Madzi atachepa ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, magetsiwo anayamba kuzima maola ochuluka, a m'tauni anathamangira makala, ndipo wa kumudzi amene munda unamukana anatenga nkhwangwa kuti apeze ya ufa. Mapiri ozungulira Chipata akuonetsa okha, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri ndi m'minda limathera m'mitsinje ndi m'madamu ngati a Lutembwe, kumene tauni imamwa.

Mtengo sudyedwa. Uthetsa bwanji njala?

Funso ili ndi lomwe timalikonda, chifukwa wofunsayo akunena zoona zake: amene wagona ndi njala lero sangadikire mbawa ya zaka makumi atatu. Tsono sitiyamba ndi mbawa.

Njala yambiri ya kuno imayambira m'nthaka. Munda walimidwa chimanga chaka ndi chaka osapuma, mapesi amatenthedwa kapena kudyedwa ndi ng'ombe, ndipo popanda feteleza chimanga chimangochita chikasu n'kubereka tizisononkho. Pali mitengo ya gulu limodzi ndi nyemba imene mizu yake imakoka chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya, chomwecho chimene timagula m'thumba la urea, ndipo masamba ake akawolerana m'munda chimanga chimadya. Nthaka ya masamba owola imasunganso chinyezi, kotero mvula ikadula masabata awiri mu Januwale, chimanga cha pamenepo chimapirira kuposa cha pa nthaka youma gwa.

Kwinako ndi zipatso. Mango ndi masuku zimapsa kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kulira. Amene anakulira kumudzi akudziwa ana angati amapita kusukulu atadya mango basi. Ndiye pali za m'tchire: bowa, uchi, mphalabungu, maula, nthudza. Nkhalango ya mombo ndi mtondo ikatha, ndiwo zimenezi zimathera limodzi, ndipo bowa wa m'tchire sungamubzale m'dimba.

Nanga m'munda wa chimanga ndibzale mtengo uti?

Izi si zongomva za kunja. Kafukufuku wambiri wa mitengo yobwezera chonde anachitikira konkuno, pa Msekera Research Station kunja kwa Chipata, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a boma akugwira limodzi ndi bungwe la ICRAF, lofufuza za ulimi wosakaniza mitengo ndi mbewu.

Kwa mlimi wa munda wochepa, ife timayamba ndi gliricidia. Amabzalidwa m'mizere pakati pa chimanga, ndipo akakula mumamudula m'munsi, cha m'mawondo kapena kutsikirapo, n'kukwirira masamba ake m'nthaka. Amaphukanso, mumadulanso, kawiri kapena katatu pa nyengo imodzi, zaka zambiri osabzalanso. Timitengo totsalato ndi nkhuni. A COMACO, bungwe lolimbikitsa alimi kulima mosamala chilengedwe, afalitsa kwambiri mtengo umenewu m'chigawo chino, kotero mbewu yake siyosowa. Chenjezo lake ndi limodzi: mukachita ulesi kudula, aphimba chimanga ndipo mudzatinena kuti tinakunamizani. Phindu lake limayamba kuoneka bwino chaka chachitatu, osati choyamba.

Amene ali ndi malo oti n'kugoneka zaka ziwiri kapena zitatu angabzale sesbania kapena tephrosia, kenako n'kudula, kukwirira masamba, ndi kubwezeramo chimanga. Tephrosia mbuzi sizimudya, ndipo masamba ake osinja amathandiza kupirikitsa tizilombo, koma asafike kumtsinje chifukwa amapha nsomba. Sesbania amachulukitsa tinyongolotsi ta m'mizu, choncho musatsatizepo fodya kapena tomato. Nandolo ndiye wosavuta kumugulitsa kwa amayi, chifukwa amakonza nthaka uku akupereka ndiwo.

Ndipo pali msangu, umene uli ndi funso lakelake.

Msangu ndi mtengo waukulu. Sudzaphimba mbewu zanga?

Ayi, ndipo apa ndi pamene msangu umasiyana ndi mitengo ina. Umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kukhala mbee dzinja lonse, kenako umaphuka m'chilimwe. Ndiye kuti pa nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa, mthunzi palibe, koma masamba ali pansi akuwola. Nyemba zake zimagwa m'chilimwe msipu utauma, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimazikonda. A Conservation Farming Unit, bungwe lophunzitsa ulimi wosamala nthaka, amalangiza kutalikitsa mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala, kapena 25 pa lima imodzi (kota ya hekitala).

Vuto lake ndi kuchedwa. Zaka zoyambirira umaoneka ngati kachitsamba ka minga kosafuna kukula, chifukwa ukutumiza muzu pansi. Kusintha kwenikweni m'munda kumafuna zaka khumi kapena kuposerapo. N'chifukwa chake timati msangu ndi gliricidia zilowe m'munda umodzi: wina akudyetseni msanga, winayo adzapeze ana. Ikani chikhomo pambali pa kamsangu kalikonse, chifukwa misangu yambiri imafa ndi khasu la mwini wake pa nthawi yopalira, kapena ndi pulawo.

Ndiye kuti ndisiye kugula feteleza?

Sitinanene choncho. Ngati muli pa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, tengani matumba anu. Feteleza wochepa pa nthaka ya masamba owola amagwira ntchito kuposa wochuluka pa mchenga wosagwira madzi. Chimene mitengo imachita n'chakuti chaka chimene feteleza wachedwa, kapena dzina lanu silinatuluke, simukolola manja okha.

Pa zipatso, ndi ziti zobereka msanga?

Papaya amabereka chaka chisanathe kapena kungopitirira pang'ono. Gwafa sachedwanso. Mango, malalanje ndi mapeyala a mphatikiza amayamba cha pa zaka zitatu kapena zinayi, pamene obzala njere amatha zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, mapeyala ena kuposa apo. Cham'mwamba si chipatso, koma masamba ake ndi ndiwo pakangopita miyezi yochepa. Mubzale pafupi ndi khitchini ndipo muzimudula nsonga kuti asathawire kumwamba.

Maganizo athu ndi akuti mpingo uliwonse utumize anthu awiri kapena atatu akaphunzire kuphatikiza mitengo. Ndi luso la mpeni wakuthwa ndi kapulasitiki, ndipo limasandutsa mango wa ulusi kukhala mango wa msika. Mbande yophatikiza imagulitsidwanso, choncho nazale imadzilipira yokha m'malo modikira chopereka.

Bulugamu amati amaumitsa madzi. Tibzale kapena ayi?

Amamwadi madzi ambiri ndipo mbewu sizikondwa pafupi naye. Musamubzale m'dambo, pa kasupe, m'mbali mwa chitsime kapena m'malire a munda wa mnzanu, pokhapokha ngati mukufuna mlandu kwa anyakwawa. Koma pa malo ouma a miyala, ngati kamunda ka milimo ndi mapaso, ali ndi ntchito, makamaka kwa alimi a fodya. Chiswe chimamukonda ali wamng'ono. Keshya amapirira chiswe bwino, ndipo m'mbali mwa mitsinje nsungwi, mkuyu ndi mbawa ndizo zoyenera.

Nazale timayamba liti, ndipo pamafunika chiyani?

Werengerani chobwerera kuchokera pa tsiku lobzala. Tsiku la dziko lonse lobzala mitengo ndi 15 Disembala, ndipo kuno nthawi yabwino ndi imeneyo mpaka pakati pa Januwale, nthaka itanyowa bwino. Mbande yobzala mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanazame.

Mitengo ya zipatso ndi ya matabwa imafuna miyezi ingapo m'nazale, choncho yambani mu Ogasiti kapena Sepitembala. Gliricidia amangofuna masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndipo safuna n'chubu chomwe: mufese pa bedi lokwera, mudzazule ndi mizu yake tsiku la mvula, mubzale tsiku lomwelo. Msangu umafuna chisamaliro china. Khungu la njere yake ndi lolimba, ndiye mulipale pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo kapena pa mwala musanafese. Machubu ake muwaike pa thandala, osati pansi, kuti muzu ukatulukira kunsi uume wokha m'malo molowa m'dothi n'kudzaduka ponyamula. Usakhalitse m'chubu kupitirira masabata asanu ndi limodzi.

Machubu akasowa, mapaketi a shuga, a mkaka kapena a chibuku obowola pansi amagwira ntchito. Dothi la pansi pa mtengo, manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Chachikulu ndi madzi ndi munthu wothirira. Nazale ikhale pafupi ndi mjigo kapena dimba, ndipo mayina a othirira alembedwe ndi masiku awo. Mukangoti "achinyamata azithirira", dziwani kuti palibe amene adzathirire.

Chaka chilichonse timabzala pa mwambo, koma mitengo sioneka. Chimalakwika n'chiyani?

Chimalakwika ndi mwambowo. Kumabwera alendo, kwaya imaimba, mlendo wolemekezeka amabzala mtengo wake atavala suti, zithunzi zimapita pa Facebook, ndipo lipoti limati tabzala mitengo masauzande. Palibe amene amabwerera mu Okutobala kukawerenga yamoyo. Ife tinasiya kufunsa mipingo kuti mwabzala ingati. Timafunsa kuti yapyola chilimwe ndi ingati. Banja limene labzala mitengo 20 n'kupulumutsa 15 laposa mpingo umene wabzala 2,000 pa bwalo lopanda mwini.

Adani ake ndi odziwika. Woyamba ndi ziweto: anthu akangokolola, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa kuti zidye paliponse, ndipo chobiriwira chokha m'munda mu Ogasiti ndi kamtengo kanu. Mtengo wa pakhomo umafuna khola lakelake la minga, nsungwi kapena njerwa zosanja motalikitsa. Wachiwiri ndi moto, umene nthawi zambiri umayatsidwa ndi anyamata osaka mbewa. Sitikunyoza mbewa, tonse tinakulira ndiwo imeneyo, koma kutentha munda wa mwini chifukwa cha mbewa zisanu n'kuwononga. Lambulani mozungulira udzu usanaumitsitse, cha mu Meyi kapena Juni. Wachitatu ndi chiswe, chimene chimagwira kwambiri mbande yofooka ndi ludzu. Phulusa m'dzenje limathandizako, ndipo zinyalala zophimbira zisakhudze tsinde.

Za ziweto ndi moto mpingo pawokha sungathe. Mphamvu yoletsa ili kwa mafumu, kuyambira kwa nyakwawa mpaka kwa Kalonga Gawa Undi ndi Nkosi ya Makosi Mpezeni. Lamulo likachokera ku bwalo la mfumu, ndipo Lamulungu abusa n'kulikumbutsa pa zolengeza, limagwira. Umboni uli m'midzi yathu momwe: malo okhawo amene mitengo yachilengedwe yatsala yowirira ndi kumanda, chifukwa kumeneko aliyense amadziwa kuti nkhwangwa siloledwa.

Kodi n'kofunika kubzala nthawi zonse? M'munda mwanga zitsa zimaphuka zokha.

Mwapeza njira yotsika mtengo kuposa zonse. Chitsa chili ndi mizu yakale yozama, choncho mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu, sizifuna kuthirira, ndipo ndi mitengo yozolowera nthaka yomweyo. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa chilichonse, dulani zinazo, sadzirani nthambi za m'munsi ndi chikwanje chakuthwa modulira chokweza kuti khungwa lisang'ambike, ndipo muzibwerako miyezi ingapo iliyonse. Zodulazo ndi nkhuni za lero.

Njira imeneyi inafalikira kuchokera ku Niger m'zaka za m'ma 1980, kumene mmishonale wa ku Australia, Tony Rinaudo, ataona mbande zake zikufa chaka ndi chaka, anazindikira kuti tizitsamba ta m'minda tinali mitengo yodulidwa imene mizu yake inali ikadali moyo. Lero minda ya mahekitala mamiliyoni m'dzikolo ili ndi mitengo yobwerera mwa njira imeneyi. Pa mapiri ometedwa a kuno, kutseka malo zaka zingapo osalola moto, mbuzi ndi nkhwangwa kumabweza tchire kuposa kukwera ndi machubu pamutu. Masuku, amene amavuta kwambiri m'nazale, amabwerera bwino mwa njira yomweyi.

Ndine mkamwini. Ndibzalirenji mitengo pa malo a eni?

Funso ili amafunsa abambo motsitsa mawu, msonkhano utatha. Kwa Achewa ambiri munda ndi wa mbumba ya mkazi, ndipo mwamuna amaopa kuti banja likatha kapena mkazi akamwalira, adzachoka ndi kachikwama kokha, mango n'kutsalira alamu ake. Kwa Angoni nkhawa yomweyo imagwera mayi wokwatiwa kumudzi kwa mwamuna, makamaka akakhala wamasiye.

Sitinama kuti nkhawayi ilibe maziko. Chimene timachita n'kuuza banja kuti likambirane ndi mwini mbumba ndi anyakwawa lisanabzale, pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe m'buku la mudzi kuti mitengoyo wabzala ndani ndipo adzadya ndani. Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti ndi ya ana, ndipo anawo ndi anu, bambo, kaya mudzakhala pamudzipo kaya ayi. Gliricidia, nandolo ndi papaya mudzadya nokha zaka zitatu zisanathe. Pa malo obwereka kapena a lendi musabzale mtengo wokhalitsa mwini wake asanavomere, chifukwa ena amaona ngati mukufuna kulanda malowo.

Ine ndimadyera makala. Kodi mpingo ukunditenga ngati wochimwa?

Ayi. Amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku kuchokera kumudzi mpaka ku Chipata sachita zimenezo chifukwa chodana ndi chilengedwe, ndipo ambiri mwa amene amamudzudzula amaphikira makala omwewo. Lamulo la nkhalango, Forests Act ya 2015, limafuna chilolezo powotcha ndi ponyamula makala ogulitsa, ndipo zimenezo sitingakubisireni. Chimene timapempha n'chakuti musagwetse mitengo ya zipatso kapena ya m'mbali mwa mtsinje, musawotche chitsa kuti chidzaphukenso monga tafotokozera pamwambapa, ndipo mulowe nawo m'gulu la ming'oma ya njuchi kapena la nazale. Sitikulonjezani kuti uchi udzalowa m'malo mwa makala chaka chomwecho.

Mpingo womwewo umawotcha njerwa ndi kuphikira misonkhano nkhuni zambiri. Si chinyengo chimenecho?

Ndi funso lowawa koma loyenera. Matchalitchi ambiri a m'midzi, nyumba za abusa ndi sukulu za mishoni zinamangidwa ndi njerwa zowotchedwa ndi mitengo ikuluikulu yachilengedwe. Misonkhano ya masiku atatu, zikwati ndi maliro zimatha ngolo za nkhuni pa mafuwa atatu. Mpingo umene ukufuna kuphunzitsa ena uyambe wadzala kamunda kake ka nkhuni, umange mbaula zadothi zosadya nkhuni zambiri kukhitchini ya pa tchalitchi, ndipo pomanga chipinda chatsopano uwerengere mtengo wa mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira ndi makina zosafuna moto. Akulu ampingo amene akukana zimenezi asadzaime kutsogolo kudzudzula owotcha makala.

Tamva za ndalama za kaboni. Tikabzala tidzalandira?

Izi ndi ndalama zimene zimaperekedwa chifukwa chosunga nkhalango, poti mitengo imayamwa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko, ndipo mapulogalamu otere alipodi m'chigawo chino. Kampani ya BioCarbon Partners imagwira ntchito ndi mafumu a m'chigwa cha Luangwa, COMACO nayo ili ndi yake, ndipo boma linayendetsa Zambia Integrated Forest Landscape Project kuno kum'mawa ndi thandizo la World Bank. Koma ndalama zimenezi zimayenda pa mgwirizano wa dera lalikulu, zimadutsa m'magulu a anthu a m'deralo, ndipo kawirikawiri zimathera pa zinthu za onse monga mijigo ndi zipinda za sukulu. Si kuti munthu akabzala mitengo 50 kuseri kwa nyumba ayamba kulandira pa foni. Wina akabwera kudzakulembani mayina n'kupempha ndalama yolembetsera, kafunseni kaye ku ofesi ya Forestry ya m'boma lanu ndi kwa mfumu. Pepala lililonse lokhudza malo liwerengedwe pa bwalo, m'chinenero chimene anthu akumva, musanadindepo chala.

Mudzi wathu uli ndi phiri limene tikufuna kuliteteza. Lamulo limatilola?

Limalola. Forests Act ya 2015, pamodzi ndi malamulo ake a 2018 okhudza nkhalango za anthu a m'midzi, imapatsa mudzi mwayi wopanga gulu loyang'anira nkhalango, kulembetsa ku Forestry Department ndi chilolezo cha mfumu, n'kukhala ndi mphamvu yoletsa odula ochokera kwina komanso yopindula ndi uchi, bowa ndi zina za m'menemo. Pamafunika kugwirizana malire ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo apa m'pamene pamachedwa.

Gulu lotere likhale la mudzi, osati la mpingo umodzi. Phiri silidziwa kuti uyu ndi wa Reformed Church in Zambia (RCZ), uyu Mkatolika, uyu wa Adventist, Msilamu kapena wa kudambwe, ndipo mukasiya mmodzi kunja ndi yemweyo adzayatse moto. Mpingo ubwereke chipinda chochitiramo misonkhano, mlembi wodziwa kusunga mabuku ndi malo a nazale pafupi ndi mjigo. Pa mipando ya komitiyo pakhale amayi okwanira, chifukwa ndiwo amadziwa mtengo uti umayaka bwino, uti umabereka bowa pansi pake, ndi njira imene odula usiku amadzera.